Nyumba ya papulani ku kampani yaikulu, kapena nyumba yotha kale ku kampani yaing'ono?

Anzanga amene mukusunga ndalama za nyumba, tsiku lina mudzaima pa mphambano imene ine ndinaimapo. Mbali ina kuli kampani yaikulu imene ikumanga nyumba mazana pamalo amodzi, ndipo ikufuna dipoziti nyumbayo ikadali papepala. Mbali ina kuli kampani yaing'ono imene imamanga nyumba zitatu kapena zinayi pachaka, n'kumagulitsa zikatha. Yanga ndinagula kwa aakulu, ya mchemwali wanga tinagula kwa aang'ono, choncho zonse ziwiri ndinazilawa.

Tiyambe ndi ndalama, chifukwa misozi yambiri imachokera pamenepa. Kampani yaikulu imagulitsa isanamange pofuna kumangira ndalama zanu zomwezo, komanso banki imaikongoza mosavuta ikaona kuti ogula alipo kale. N'chifukwa chake mtengo umatsikirapo ndipo mumalipira pang'onopang'ono: zina maziko akatha, zina zipupa zikafika pamwamba, zina denga likafoleredwa. Zimakoma m'khutu, koma zoona zake n'zakuti inu mwakongoza kampaniyo popanda chikole. Ndipo kukula kwa dzina sikuteteza munthu. Evergrande ya ku China inali pakati pa makampani aakulu kwambiri omanga nyumba padziko lonse, koma inali ndi ngongole zoposa madola 300 biliyoni. Inalephera kubweza mu 2021, ndipo khoti la ku Hong Kong linalamula mu Januwale 2024 kuti ithetsedwe. Mu 2022 ogula m'mizinda yambiri ya ku China anafika pokana kubweza ngongole zakubanki, poti ankalipirira nyumba zimene ntchito yake inaima kalekale. Ku India, lamulo la mu 2016 limakakamiza womanga kusunga 70 peresenti ya ndalama za ogula mu akaunti yapadera ya ntchito yokhayo, kuti asakagulire malo ena. Funso limene lamulo limenelo likuyankha ndi limene inu muyenera kufunsa musanasaine, kulikonse kumene muli: ndalama zangazi zikhala kuti, ndipo ndani angazitape?

Kwa wamng'ono nkhawa imeneyo palibe. Nyumba ilipo, mwaigwira ndi manja, mwatsegula mpopi. Chiopsezo chimangosamukira ku mapepala: kodi chikalata cha umwini wa malo chili m'dzina la wogulitsayo, kodi khonsolo inavomereza pulani, kodi malowo sanapinyolitsidwe kubanki? Loya wofufuza zimenezi akhale wanu, osati wobwerekedwa kwa wogulitsa.

Pa ubwino wa nyumba ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Chimene chimagwetsa nyumba sichioneka tsiku logula. Chili m'maziko, m'zitsulo za m'konkire, m'mapaipi okwiriridwa ndi m'mawaya a m'khoma. Konkire imayezedwa mphamvu zake pakatha masiku 28, ndipo m'masiku oyambirira imafuna kuthiriridwa madzi kuti isaume msanga n'kung'aluka. Kampani yaikulu imakhala ndi mainjiniya, imatenga zidutswa za konkire kukaziyeza, ndipo mapepala ake mukhoza kuwapempha. Apa ikuposa wamng'ono. Vuto lake ndi lina. Ntchito yeniyeni imaperekedwa kwa makontirakitala amene amalipidwa nyumba ikatha, ndiye aliyense amathamanga, ndipo cholakwika chimodzi chimabwerezedwa m'nyumba zonse. Kwathu chinali chinyezi cha m'bafa. Mvula yoyamba isanathe, ife ndi oyandikana nafe mzere wonse tinali ndi utoto wosupuka pakhoma lomwelo. Nyumba yachitsanzo imene anationetsa inalibe banga. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Wamng'ono amakhala pamalo pa ntchito yekha tsiku lililonse, ndipo dzina lake limadalira nyumba zochepazo. Ya mchemwali wanga zitseko zake mpaka lero zimatsekeka bwino kuposa zanga. Koma kawirikawiri palibe womuyang'anira. Akafuna kuchepetsa simenti kapena kuika zitsulo zoonda, pulasitala ndi utoto zimabisa zonse, ndipo inu mukufika zitabisika kale. Ife tinalipira injiniya wathuwathu kuti ayendere nyumbayo, anakwera kudenga, anayang'ana ming'alu ndi kumene madzi a mvula amalowera. Ndalama imeneyo sitinainong'onezepo bondo. Wogula papulani ali ndi mwayi umene wogula nyumba yotha alibe, wakuti akhoza kuona maziko asanakwiriridwe, bola ufulu woyendera ntchito ulembedwe m'pangano.

Nanga zikawonongeka mawa? Ku UK nyumba zatsopano zambiri zimagulitsidwa ndi chitsimikizo cha zaka 10, ndipo lamulo la ku India lija limapatsa womanga udindo wokonza zolakwika kwa zaka 5. Kumene kulibe lamulo lotere, chimene chakutetezani ndi pangano lokha. Yang'anitsitsani dzina limene lalembedwa pamenepo, chifukwa makampani aakulu amakonda kutsegula kakampani kapadera ka ntchito iliyonse, ndipo kakatsekedwa mumasowa woti mumugwire.

Tsono nkhani ya kuthandiza anthu a m'dera. Aakulu amaidziwa bwino: zithunzi za mabuku operekedwa kusukulu, mitengo yodzalidwa, mayunifolomu a timu ya mpira. Sindikunyoza, mwana amene walandira buku walandiradi. Koma ine sindiyeza kampani ndi zimenezo. Ndimafunsa ngati anthu amene anali pamalopo analipidwa chipukutamisozi choyenera, ngati amisiri ndi aganyu amalandira malipiro pa nthawi yake, ndiponso kumene madzi ochoka pa madenga mazana aja akupita. Malo akaphimbidwa ndi konkire nthaka simwanso madzi, ndipo ngalande zikapanda kukonzedwa amasefukira kwa anthu akumunsi amene sanagule kanthu. Ku England, gawo 106 la lamulo la mapulani a mizinda la mu 1990 limalola khonsolo kumanga pangano ndi womanga kuti athandize pa misewu, sukulu ndi nyumba zotsika mtengo asanapatsidwe chilolezo. Thandizo lotere ndi limene limatsala kampani ikachoka.

Apa wamkulu wokhulupirika amapambana, chifukwa amakonza msewu, zimbudzi ndi ngalande za dera lonse pamodzi. Aang'ono khumi akamamanga aliyense pa puloti yake, ngalande imakhala yopanda mwini. Kungoti funsani amene adzasamale msewuwo nyumba yomaliza ikagulitsidwa, ndi ndalama imene muzidzasonkha mwezi ndi mwezi.

Mukandifunsa lero, ngati ndalamazo ndi zokhazo zimene muli nazo, ndingakutumizeni kwa wamng'ono, pamodzi ndi loya ndi injiniya wanu. Kwa wamkulu ndingabwererekonso ngati ndalama za ogula zikusungidwa padera, komanso nditapita kaye kudera limene anamanga zaka zisanu zapitazo, nthawi ya mvula, n'kugogoda pamakomo atatu kufunsa eni ake kuti atadandaula kampaniyo inabwera patapita masiku angati.