Old Man Emu pa Toyota Hilux: seti yabwino, koma si chilolezo cha matayala akuluakulu

Anthu ambiri akamafunsa za seti yokwezera Hilux, mumtima amakhala akufuna chinthu chimodzi: kulowetsa matayala akuluakulu. Seti ya Old Man Emu, yomwe imapangidwa ndi kampani ya ARB ya ku Australia ndipo kuno imafika makamaka kudzera kwa ogulitsa a ku South Africa, ndi yabwino ndithu. Koma ubwino wake uli pa kunyamula katundu ndi kukhazikitsa galimoto pamsewu woipa. Pa nkhani ya matayala imathandiza pang'ono kusiyana ndi mmene ambiri amaganizira.

Tikukamba za seti ya Hilux GD-6 ya 4x4 ya zitseko zinayi, imene inayamba kutuluka ku Durban mu 2016. Kutsogolo mumalandira ma shock awiri a Nitrocharger ndi masipuling'i ozungulira awiri. Kumbuyo kuli masipuling'i amapale awiri, ma shock awiri, mabushi ndi ma U-bolt atsopano. Ma shackle (tizitsulo tolumikiza mapale ku chasisi) okhala ndi pothirira girizi nthawi zambiri amagulidwa padera, ndipo ndi ofunika kuwagula. Zonse zikamangidwa bwino, galimoto imakwera mamilimita 40 mpaka 50.

Ntchito yeniyeni ili pa kusankha masipuling'i, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu zimaonongekera. Akutsogolo amasiyana malinga ndi zimene zili pamphuno pa galimoto: bampala ya ku fakitale, bull bar (bampala yaikulu yachitsulo), kapena bull bar pamodzi ndi winch (makina okokera galimoto ndi chingwe). Akumbuyo alipo a katundu wa apo ndi apo, a makilogalamu 300 ndi a makilogalamu 600. Manambalawa akunena katundu amene sachoka m'galimoto, monga canopy, matanki a madzi, bokosi la zipangizo ndi jenereta. Makilogalamu 300 ndi matumba 6 a simenti, 600 ndi matumba 12, ndipo funso n'lakuti kodi kulemera kumeneko kumakhala kumbuyo Lolemba mpaka Lamlungu. Munthu wonyamula feteleza mu Novembala ndi chimanga mu Meyi, miyezi ina yonse n'kumayenda wopanda kanthu, sayenera kugula a 600. Akagula poganiza kuti olimba kwambiri ndiwo abwino, kumbuyo kumauma gwa, kumadumpha pabampu iliyonse, ndipo pamsewu wa fumbi wokhala ndi timizeremizere matayala akumbuyo amasiya kugwira pansi, galimoto n'kumataya mchira pakona. Amene amalakwitsa mbali inayo, kumanga masipuling'i ofewa pansi pa bull bar ndi winch, amaona mphuno itagwanso pasanathe nthawi.

Dziwaninso kuti sipuling'i yolimba siwonjezera katundu amene galimoto imaloledwa kunyamula. Chasisi, ma axle ndi mabuleki ndi omwe aja. Malire ake ndi amene alembedwa pakachitsulo ka Toyota.

Masipuling'i akagwirizana ndi katundu, kusintha kumamveka msanga. Kumbuyo sikukhalanso pansi mukapakira, mphuno simira kwambiri mukaponda buleki, ndipo pamsewu wautali wa fumbi ngati wochoka ku Rumphi kupita ku Nyika, ma shock amagwirabe ntchito mofanana atatentha. Shock wamba ikatentha mafuta ake amachita thovu, galimoto n'kuyamba kuvina ngati bwato. Mpweya wa nitrogen wa mu Nitrocharger umachepetsa thovulo. Ndi ya mapaipi awiri, ina mkati mwa inzake, choncho mwala ukaphwanya yakunja pang'ono pistoni imayendabe. Pa tala, mukamayenda pang'onopang'ono m'tauni, ndi yolimbirapo kuposa ya ku fakitale ndipo zigamba za msewu mumazimva. Simungaifewetse kapena kuiumitsa, ndipo ikatha sitsegulidwa kuti ikonzedwe, mumangogula ina. Ofuna yosinthika ali ndi BP-51 ya kampani yomweyo, koma mtengo wake ndi wa anthu othamanga m'tchire, osati wa galimoto ya kumunda kapena ya bungwe.

Tsopano matayala. Hilux zambiri zimabwera ndi 265/65R17 kapena 265/60R18, ndipo onsewa kutalika kwake ndi pafupifupi mamilimita 776. Tayala la 265/70R17 ndi mamilimita 803. La 285/70R17, limene anthu amalitcha la mainchi 33, ndi mamilimita 831. Seti yokwezera imakweza bodi ndi chasisi, koma difu yakumbuyo (bokosi la magiya la pakati pa magudumu awiri) imatsala pomwe inali chifukwa imakhala pa axle. Chimene chimakweza difu ndi tayala lokha, ndipo limaikweza ndi theka la kusiyana kwa kutalika: mamilimita 13 pa 265/70, ndi 27 pa 285/70. M'nyengo ya mvula, m'mikwaso yakuya imene mathirakitala ndi malole amasiya, difu ndiyo imayamba kukhala pamatope, choncho mamilimita amenewa ndi enieni ngakhale akuoneka ochepa.

Vuto ndi ili. Galimoto ikaima, malo a pamwamba pa tayala amaoneka ambiri. Koma ikagwera m'dzenje kapena ikadutsa ngalande mopingasa, tayala limakwera mpaka kukafika pa labala yoimitsira gudumu kuti lisakwerenso (bump stop), ndipo labalayo seti siinaisunthe. Tayala limakafika pomwe linkafika kale. Ngati lingakweche galimoto isanakwezedwe, lidzakwechabe, kungoti mwa kamodzikamodzi komanso pa nthawi yoipa, chiwongolero chitapindidwa ndiponso katundu ali m'galimoto.

La 265/70R17 pa malimu a ku fakitale, a mabowo 6 pa 139.7 ndi offset ya +30 (muyeso wa mmene limu imalowera mkati), limalowa popanda kudula chitsulo. Nthawi zina limakhudza chotchinga matope chakutsogolo kapena pulasitiki ya mkati mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto, ndipo kudula pulasitikiyo pang'ono kumathetsa nkhani. La 285/70R17 ndi lina. Pa limu ya +30 limayandikira kwambiri mkono wapamwamba, chitsulo cholumikiza gudumu lakutsogolo ku chasisi. Mukagula malimu otulukira kunja kuti liuthawe, limazungulira motambalala pokhota n'kukagunda chitsulo chogwira bodi kumbuyo kwa tayala lakutsogolo. Pamenepo ndiye kudula ndi kuwotcherera chasisi, ntchito imene sibwerera m'mbuyo ndipo imafuna wowotcherera wodziwadi. Malimu otulukawo amatopetsanso ma bearing ndipo amamwaza miyala pazitseko. Ife timalangiza 265/70R17 la all-terrain lokhala ndi zilembo za LT (la magalimoto onyamula katundu), monga BFGoodrich KO2 kapena anzake, chifukwa mbali zake n'zochindikala ndipo zitsa ndi miyala siziliboola msanga.

Tayala lalikulu limasokonezanso mawerengedwe. Pa 265/70 galimoto imathamanga ndi maperesenti 3.4 kuposa mmene inkathamangira singano ikaloza pamalo omwewo. Pa 285/70 ndi maperesenti 7. Popeza sipidomita ya ku fakitale imawerenga mokwezako pang'ono, loyambalo limaifikitsa pafupi ndi choonadi, pamene lachiwirilo lingakugwiritseni ndi apolisi apamsewu inu mukuona ngati muli m'malire. Makilomita nawo amawerengedwa ochepa, ndiye sevisi muziichita mofulumirako. Injini ya 2.8 imakoka 265/70 osadandaula. Ya 2.4, ya makilowati 110, imamva kulemera pachitunda, ndipo pa mainchi 33 giya yapamwamba imasowa mphamvu, dizilo n'kumapita.

Pomanga, yambani ndi tepi. Galimoto ili pamalo osalala, yezani kuchokera pakati pa gudumu kufika m'mphepete mwa bodi pamakona onse anayi, mulembe. Popanda manambala amenewa simudzadziwa ngati yakwera mofanana. Ikapendekera mbali imodzi kutsogolo, pali timbale ta mamilimita 5 toika pamwamba pa sipuling'i, ndipo kamodzi kamakweza kona imeneyo pafupifupi kuwirikiza kawiri kuchindikala kwake chifukwa shock imakhala chapakati pa mkono wapansi.

Sipuling'i yakutsogolo ipanikizidwe ndi makina enieni a pagalaja. Timabawuti tiwiri tokowera topanikizira sipuling'i pamanja timapulumuka pa sipuling'i yolimba chonchi, ndipo ikathawa imathyola dzanja kapena nkhope. Mukamasula ball joint yapamwamba ndi cholumikizira sway bar, chirikizani hub ndi jeke kapena waya. Ikasiyidwa lende imakoka CV yamkati (cholumikizira cha shafti yozungulitsa gudumu) mpaka kutuluka, imatambasulanso paipi ya buleki ndi waya wa ABS. Kumbuyo gwirani mbali imodzi pa nthawi, jeke ili pansi pa axle, ndipo onetsetsani kuti mutu wa bawuti lapakati pa mapale walowa m'bowo lake. Ma U-bolt akale musawabwezere; anatambasuka kale. Atsopano amangidwe mopingasa, pang'onopang'ono, ndi torque wrench. Mabushi achikasu a mu setiyi apakidwe girizi wokwanira, apo ayi adzalira ngati chitseko chakale pakangogwa fumbi.

Cholakwa chofala m'magalaja athu ndicho kumangitsa mabawuti a mabushi galimoto ili m'mwamba. Ikatsitsidwa, labala imakhala yopotoka nthawi zonse, n'kung'ambika m'miyezi yochepa. Mabawuti a pansi pa shock, a mikono ndi a ma shackle amangitsidwe matayala ali pansi, galimoto itasenza kulemera kwake. Mukayenda makilomita pafupifupi 500, masipuling'i akhazikika, mubwerere kukamangitsanso ma U-bolt ndi kuyezanso.

Alayimenti si yodumpha. Kukweza kumachepetsa caster, kapendekedwe kamene kamabwezera chiwongolero pakati, ndipo chizindikiro chake ndi galimoto yosakhazikika pamzere ndi chiwongolero chosabwerera chokha mukamaliza kona. Pa mamilimita 40 mpaka 50, mabawuti osinthira a mkono wapansi amakwanitsa, pokhapokha ngati dzimbiri linawamatirira m'mabushi, zomwe zimachitika kawirikawiri pa galimoto yowoloka mitsinje. Mukapitirira 50, muyenera kugula mikono yapamwamba ina, ma CV amapindika kwambiri, malabala ake n'kumang'ambika. Muonenso kuti tayala lakutsogolo likutha kutsika ndi mamilimita osachepera 60 mukanyamula galimoto ndi jeke. Likapanda kutero, shock imafika kumapeto pa dzenje lililonse ndipo mumamva kugogoda. Ngati galimoto ikunjenjemera ponyamuka, ndiye kuti propshaft, shafti yopita ku difu yakumbuyo, yasintha kapendekedwe. Timbale toika pa bearing yapakati timathetsa zimenezo. Magetsi akutsogolo awongoledwenso. Pa Hilux zakale zopanda ABS pali valavu yogawa mphamvu ya buleki malinga ndi katundu, ndipo kandodo kake kayenera kusunthidwa molingana ndi kukwerako, apo ayi mabuleki akumbuyo amafooka.

Pali njira yotchipa, ya ma spacer pamwamba pa shock ndi midadada pansi pa mapale. Imakweza maonekedwe basi. Sipuling'i yotopa imakhala yotopabe, ball joint imafika pothera, ndipo midadada imachititsa axle kupotoka mukaponda mafuta pamchenga. Pa galimoto yogwira ntchito sitiilimbikitsa.

Zimene sitikondwera nazo pa Old Man Emu ndi mtengo, umene umakwera pamodzi ndi ndalama zakunja, komanso kudikira shock ina kuchokera ku South Africa imodzi ikaonongeka. Utoto wa mapale umasupuka msanga ndi miyala. Galimoto yokwera imapendekeranso kwambiri pakona, ndipo pamakhotakhota otsika ku Livingstonia kupita ku Chitimba, katundu ali padenga, dalaivala ayenera kuzikumbukira zimenezi. Auzeni a inshulansi za kusinthaku, ndipo ngati galimoto ikadali pa waranti, funsani kaye musanamasule bawuti.

Matayala mugule asanu, osati anayi. La 265/70R17 limakwana pansi pa bodi pamalo a sipeya. La 285/70 limalowa movutikira, nthawi zina n'kukhudza towbar. Hilux ilibe difu yapakati, choncho mukamanga sipeya yaing'ono ya ku fakitale pamodzi ndi matayala atatu akulu n'kulowetsa 4H (kukoka ndi magudumu onse anayi), kutsogolo ndi kumbuyo kumafuna kuzungulira mosiyana, ndipo amene amavutika ndi transfer case (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) ndi ma CV.