Bainokyula, telesikopu ya miyendo itatu kapena Dobsonian: mugule chiyani kuno ku Salima?

Anzanga amene munasuzumirako mu telesikopu yanga ku Senga Bay simukundipatsa mpata ndi funso lakuti inunso mugule chiyani. Ndiyankhe pano onse pamodzi.

Choyamba, chimene musagule ngakhale wogulitsa atakutsitsirani mtengo chotani. Ndi katelesikopu kaja ka miyendo itatu yopyapyala, kamene pabokosi pake amalembapo 525x kapena 675x (kutanthauza kuti kamakulitsa zinthu ka 525 kapena ka 675), pambali pali chithunzi chachikulu cha Saturn. Alamu anga anatumiza koteroko kuchokera ku Johannesburg kuti mwana wanga aphunzirirepo, ifenso tinalipira msonkho pokalandira, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndi ndalama zimenezo. Galasi lake lakutsogolo ndi la mamilimita 60. Telesikopu imakulitsa bwino pafupifupi kawiri pa milimita iliyonse ya galasi lake, choncho malire a kameneka ndi 120x. Mukapitirira pamenepo mumangoona mbuu. Nambala ya pabokosiyo ndi nyambo chabe.

Koma chimene chinandipsetsa mtima kwambiri ndi miyendo ija. Kuno kumwamba kumayera bwino mu June ndi July, mitambo ya dzinja itapita, utsi wa moto wa m'tchire usanadzaze. Nthawi yomweyo ndi ya mwera. Mphepo ikangowomba pang'ono, Jupiter amayamba kunjenjemera m'galasimo osaima. Mukagwira kuti muwongole chithunzi, kugwedezeka kumachita kunyanya. Pamene mukudikira kuti kadekhe, dziko likuzungulira, ndipo pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri pulaneti yatuluka. Mumasula kasikuluu kuti muitsatire, chubu chonse n'kugwera pansi, mwayambanso kusaka.

Mwana wanga anapirira ndithu, atagwada pamchenga, diso limodzi atalitseka ndi dzanja. Kenako anangoti, "Adadi, palibe chikuoneka," n'kukalowa m'nyumba. Anakhulupirira kuti iyeyo ndi amene sakutha, ndipo panapita nthawi yaitali asanafunenso kuyang'ana kumwamba. Zimenezi sindingazikhululukire opanga zidolezi. Mukapeza m'bokosimo kagalasi kakuda komangirira poikapo diso akuti koonera dzuwa, katayeni lero lomwe. Kamatha kusweka ndi kutentha, diso n'kupsa.

Bainokyula ya 10x50 (yokulitsa ka 10, ya magalasi akutsogolo a mamilimita 50) ndi yotchipa poyerekeza ndi zinazi ndipo sinamiza munthu. Tsamirani zigongono pakhoma kapena pabwato lokokedwera kumtunda, mudzaona timadontho pafupi ndi Jupiter. Imeneyo ndi miyezi yake inayi ikuluikulu imene Galileo anaiona mu 1610, ndipo mawa lake mudzaipeza itasintha malo. Maenje a pa mwezi, Nsangwe, Mlalang'amba, ndi chimulu cha nyenyezi cha Omega Centauri cha kumwera, zonsezi zimaoneka mokoma. Masana muonera nkhwazi panyanja. Mphete za Saturn zokha musayembekeze.

Ofuna mapulaneti enieni, yanga ndi Dobsonian ya kalilole wa mamilimita 150 ndipo sindibisa kuti ndimaikonda. Dzinali likuchokera kwa John Dobson wa ku San Francisco, amene ankafuna kuti anthu wamba akhale ndi telesikopu zazikulu zosadula. Ndi chubu chachikulu chokhala ndi kalilole pansi pake, chokhazikika pabokosi lamatabwa. Chimakhala pansi nji, mwera uwombe bwanji, ndipo mumangochikankha ndi dzanja potsatira pulaneti. Mizere iwiri yodera ya Jupiter imaoneka, Nthanda imaoneka ngati kamwezi, mphete za Saturn nazonso mbee. Mu 2025 mphetezo zinali chammbali n'kumaoneka ngati kamzere, koma zikutseguka chaka ndi chaka.

Mavuto ake alipo. Ndi yolemera, ndipo otumiza katundu amalipiritsa potengera kulemera ndi kukula, ndiye funsani mtengo wonse wofikitsira kuno musanalipire kalikonse. Mukhoza kuitanitsa chubu chokha, bokosilo kalipentala wa pa Kamuzu Road akhoza kukukhomerani mukamuonetsa chithunzi ndi miyezo. Ikagwedezeka panjira, makalilole amafuna kuwongolanso, ntchito ya mphindi zochepa mukazolowera. Chinyontho cha kunyanja ndiye mdani wamkulu: muziiumitsa mame musanatseke, ndipo tsiku limene nkhungu zatuluka panyanja musaitsegule n'komwe, zimadzaza m'chubu. Nyali za asodzi a usipa sizisokoneza mapulaneti, koma muthawe magetsi a panja pa nyumba.

Ngati ndalama ndi zochepa, gulani bainokyula. Ngati mtima uli pa Saturn, pitirizani kusunga mpaka ikwane Dobsonian, ndipo pakadali pano bwerani mudzaonere pa yanga.