Ka shopu ka ma laputopu pafupi ndi Copacabana ku Harare kandiikira Linux, nazi zomwe ndaona

Laputopu yanga ndi yakalekale, inali ndi Windows 10 ndiye paja ma update ake anatha pa 14 Okutobala 2025, Windows 11 nayo imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0 komwe makina angawa alibe. Ine ndine mlembi wa bungwe lathu la maliro ku Mbare kuno, maminitsi ndi mayina a onse osonkha zimakhala mmenemo, sindingangoitaya ayi.

Ndinatsika kombi pa Copacabana nkulowa ka shopu kena kothinana, mwini wake mnyamata woti agogo ake anachokera ku Mangochi, Chichewa chake chosakaniza ndi Chishona koma tinamvana. Akuti "ankolo musagule ina, iyi ikadali ndi moyo." Anachotsa hard drive yakale nkuika yothamanga yotchedwa SSD, kuonjezera RAM kufika 8GB, kupukuta fumbi pa fani kenako nkuikamo Linux Mint 22 mmalo mwa Windows. Mafayilo anga anayamba wakopera pa flash ine ndikuona, apo ndiye ndinamupatsa ulemu. Pano imayaka ndisanathire nkomwe shuga mu tiyi.

Koma kufika kunyumba Wi-Fi zii. Palibe ngakhale dzina limodzi la netiweki, mnyamata uja anayesera pa chingwe cha mu shopu basi. Kumuimbira, anandiuza ndilumikize foni ndi chingwe cha USB, ndiyatse USB tethering kuti laputopu itenge intaneti ya pa foni kenako nditsegule Driver Manager ndisankhe driver, kapulogalamu koyendetsa Wi-Fi. Zinatheka inde koma bandulo yanga ndi imene inapsa, zinthu zoti akanapanga yekha mphindi zisanu. Printer ya ku tchalitchi yokha ndinangoilumikiza nkuyamba kusindikiza osafuna CD, ndinadabwa.

Zolembera tsopano. Notepad kulibe, kuli kena kotchedwa Xed ndipo nchimodzimodzi, Ctrl+S yomweyo. Makalata a Word amatseguka mu LibreOffice Writer ngakhale tebulo la zopereka linasuntha pang'ono ndinachita kulikonza. Chomwe chandisangalatsa zedi ndi ŵ. Zaka zonsezi ndimalemba Malawi wopanda kachipewa kapena kukopera pa intaneti, pano mu Writer ndimalemba U+0175 nkudina Alt+X, ŵ uja mbwee. Madala ena pa msonkhano anachita kuvala magalasi kuti aone bwino, akuti umu ndi mmene ankalembera kusukulu kwawo.

Tsoka linabwera mphwanga wa ku yunivesite ya UZ atandiuza pa WhatsApp kuti nditsegule fayilo ina ndi pulogalamu yolembera yotchedwa vi mu terminal, ka windo kolembamo malamulo a kompyuta. Abale inu!! Ndikulemba zilembo sizikuoneka, mwadzidzidzi zayamba kuoneka, ndikadina mivi pakutuluka A B C D, kutuluka osatuluka. Ndinakhala pamenepo thukuta kamukamu mayi a kunyumba akufunsa ngati ndaononga. Kumeneko kumafunika kudina Esc, kulemba :q! nkudina Enter, ukafuna kusunga ndi :wq. Akuti vi ndi ya 1976, yakulira limodzi ndi ine koma sitidziwana. Pano ndimagwiritsa ina yolembera yotchedwa nano, malamulo ake analembedwa mmunsimo, Ctrl+O kusunga Ctrl+X kutuluka. Komanso mu terminal kumata ndi Ctrl+Shift+V, osati Ctrl+V, izinso palibe anandiuza.

Ndiye mnyamatayu manja ali nawo, mtengo sanandibere, foni amayankha ngakhale Lamlungu. Kuphunzitsa ndiye zero, amangodinadina mwachangu nkuti "zapsa ankolo." Mukapitako musatuluke musanayese Wi-Fi, sipika ndi kamera pomwepo, ndipo akuonetseni polembera muli chikhalire. Nyenyezi zinayi pa zisanu, imodziyo yapita ndi bandulo yanga.