Active Cooler ya Raspberry Pi 5: kafani kabwino, koma firmware ikhale yatsopano

Ndapereka nyenyezi 4 mwa 5. Active Cooler, kafani koziziritsa kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi 5, kamagwira ntchito yake bwino, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kakompyuta kamene kakutetezedwako. Koma amene mukuganiza kuti mukangokalumikiza ndiye kuti nkhani yatha, dikirani kaye.

Ine Raspberry Pi 5 ndimaigwiritsa ntchito pa kashopu kathu ku Rosettenville kuno ku Joni, komwe timasindikizira anthu ma CV ndi kufotokopa mapepala. Ndi imene imayendetsa printa komanso kusunga zithunzi za kamera ya pakhomo, ndiye siizima, usana ndi usiku. Denga la shopuyo ndi la malata, ndipo kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale mkati mumakhala ngati mu uvuni wa njerwa. Pi 5, imene inatuluka mu 2023, purosesa yake imathamanga pa 2.4GHz ndipo imatentha kuposa Pi 4. Kutentha kukafika madigiri 80 (Celsius) imayamba kudzichepetsera liwiro yokha kuti isapse, ikafika 85 ndiye imabwezeratu. Utsi simuuona ayi. Mungoona kuti zinthu zayamba kukokakoka, kasitomala ali chilili kudikira pepala limodzi.

Poyamba ndinali ndi kabokosi ka pulasitiki kopanda dzina, kamene wogulitsa wina wa pa intaneti anandipatsira limodzi ndi khadi la SD loikamo kale sistimu, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Fani ya m'kabokosimo inali ya mawaya awiri okha, wofiira ndi wakuda, yobaya pa mapini a GPIO, mapini 40 aja a pa bolodi olumikizirapo zipangizo zina. Fani yoteroyo ilibe amene angaiuze kuti chepetsa kapena ima: magetsi akangolowa imangolira mpaka kalekale. Mtsikana amene amandithandiza pa shopu anachita kunena kuti, "Achimwene, kapena tizikazimitsa masana, mutu ukundipweteka."

Active Cooler ndi yosiyana. Ndi chitsulo cha aluminiyamu chokhala ndi timizere, pamwamba pake pali kafani kouzira mpweya cham'mbali. Mawaya ake ndi anayi: awiri a magetsi, imodzi youzira fani liwiro, ina yobweza uthenga wa mmene ikuzungulirira. Imabayidwa pa kasoketi kake kake, pakati pa mapini 40 aja ndi madoko a USB. Kuimanga n'kosavuta, mumangokanikiza timapini tiwiri tokhala ndi sipuling'i mpaka titalira kuti "thi".

Nditaimanga, phokoso linali lomwe lija. Apa ndi pamene ambiri amabweza katundu kuti ndi wakufa, chonsecho vuto silili pa fani. Pi 5 ikangoyaka, fani imayamba ndi liwiro lonse kwa kanthawi, kudikira kuti firmware (kapulogalamu kokhala pa bolodi penipeni) ndi sistimu zitenge ulamuliro. Ngati sistimu ya pa khadi lanu siidziwa kuilamula, imangopitiriza choncho. Khadi la wogulitsa uja linali ndi sistimu yakale yosinthidwasinthidwa, sindinafunenso kulimbana nayo. Ndinalemba Raspberry Pi OS Bookworm yatsopano pa khadi pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Raspberry Pi Imager, kenako mu Terminal, momwe timalembera kompyuta malamulo, ndinalemba sudo apt update ndi sudo apt full-upgrade. Zitatha izi ndinafunsa za bootloader, firmware imene imadzutsa Pi ikamayaka, polemba sudo rpi-eeprom-update. Lamulo limeneli limakuonetsani deti la firmware imene ili m'kachipangizo ka EEPROM pa bolodi ndi deti la yatsopano imene ilipo. Yanga inali m'mbuyo. Ndinalemba sudo rpi-eeprom-update -a, n'kuzimitsa n'kuyatsanso.

Inalira pang'ono poyaka, kenako zii.

Bata limenelinso limasokoneza anthu. Mbale wina wa kutchalitchi kwathu amene amakhala ku Mayfair anandiimbira foni atakwiya, akuti update yamuphera fani. Siinafe. Mmene anakonzera, pansi pa madigiri 50 fani siizungulira n'komwe, chitsulo chija chimakwanitsa chokha. Pa 50 imayamba pang'onopang'ono, pa 60 imawonjezera, pa 67.5 imawonjezeranso, ndipo liwiro lonse limabwera pa 75. Kutentha kukamatsika, imadikira kuti kutsike ndi madigiri 5 pansi pa mlingo uliwonse isanabwerere, kuti isamangoti yaka zima, yaka zima. Ndinamuuza kuti alembe vcgencmd measure_temp, lamulo loonetsa kutentha. Inamuonetsa pansi pa 50. Atatsegula mavidiyo angapo nthawi imodzi, kafani kanayamba kuyenda, mkwiyo n'kutha.

Chimene ndachikonda kwambiri n'chakuti milingo imeneyi mutha kuisintha. Mu fayilo ya /boot/firmware/config.txt ndinawonjezera mzere wakuti dtparam=fan_temp0=45000, kutanthauza kuti fani iziyamba pa madigiri 45. Chenjerani ndi maziro atatuwo, amafunika. Chifukwa changa n'chakuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo mpweya wopepuka suchotsa kutentha msanga ngati wa kunyanja ku Durban. Kuphatikiza malata aja, ndinaona kuti kuli bwino iziyamba msanga. Pa liwiro loyambalo simungaimve, makamaka pamene mataxi akuimba mahutala panja. Ngati yanu siikuyenda ngakhale kutentha kwadutsa 60, onani kaye ngati kasoketi kalowa bwino, kenako yesani mzere wa dtparam=cooling_fan=on mufayilo yomweyo.

Mawu awiri pa nkhani ya magetsi. Musachite update ya EEPROM pamene mukudziwa kuti magetsi athima posachedwa, kapena mitambo ya ziphaliwali za masana yayamba kuda. Zikavuta njira yobwezera ilipo, mu Imager momwemo muli kafayilo kokonzera bootloader, koma bwanji kudziputira ntchito? Komanso tchaja ya foni siikwanira. Pi 5 imafuna ya 27W yotulutsa 5V pa 5A kuti zonse ziziyenda bwino, makamaka ngati mwabayako zinthu ku USB. Mukalemba vcgencmd get_throttled n'kuona 0x0, ndiye kuti chiyakireni sipanakhale vuto la magetsi kapena la kutentha. Yanga tsopano imakhala pomwepo.

Nanga nyenyezi imodzi yapita kuti? Timapini tija sanatipange kuti tizichotsedwachotsedwa, ndipo opanga ake eni amalangiza kuti mukaimanga musaichotsenso, chifukwa timapini ndi timapadi totengera kutentha timatha mphamvu. Ndiye ganizani kaye za bokosi limene mudzagwiritse ntchito musanakanikize, poti si mabokosi onse amene amalola chitsulochi kulowa. Langa lija ndinachita kulisiya lopanda chivundikiro mpaka nditapeza lina. Kasoketi nakonso n'kakang'ono zedi, a zala zikuluzikulu mupemphe mwana akuthandizeni.

Ndiye pali fumbi. Mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala kumwera kwa mzinda kuno imabwera ndi fumbi la m'milu ya migodi, ndipo limakakhala m'timizere ta chitsulo tija. Mukaona kutentha kukukwera chonsecho ntchito ndi yomweyo, zimitsani, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, n'kupukuta ndi kaburashi kofewa kouma.