IPUMS International: nkhokwe ya kalembera yotetezedwa bwino, koma yotalikirana ndi anthu a m'madera

IPUMS International ndi ntchito ya pa intaneti yoyendetsedwa ndi yunivesite ya Minnesota ku America, ndipo imasonkhanitsa mayankho a kalembera wa anthu ochokera m'maiko oposa 100 n'kuwapereka kwaulere kwa ochita kafukufuku ndi aphunzitsi. Inayamba mu 1999 pokulitsa ntchito imene Steven Ruggles, pulofesa wa pa yunivesiteyi, ankatsogolera yokhudza akalembera a ku America, ndipo lero muli zolembedwa za anthu oposa 1 biliyoni. Mosiyana ndi malipoti amene maofesi a ziwerengero amasindikiza, kuno simupatsidwa matebulo owerengetsera kale. Mumalandira mzere wa munthu aliyense payekha, wosonyeza zaka zake, maphunziro, ntchito ndi nyumba imene akukhalamo, kotero kuti mafunso ambiri mungathe kuwayankha nokha m'malo modikira kuti wina awalembe mu lipoti.

Apa m'pamene nkhani ya chinsinsi imakulira, chifukwa munthu amauza wolembera zoona pokhapokha akakhulupirira kuti zimene wanena sizidzamutembenukira. Mantha amenewa ali ndi maziko, pakuti pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse boma la America linagwiritsa ntchito zolembedwa za kalembera posonkhanitsa anthu amtundu wa Chijapani n'kuwatsekera m'misasa. N'chifukwa chake mfundo zoyendetsera ziwerengero za maboma, zimene nthambi ya ziwerengero ya United Nations inavomereza mu 1994, zimanenetsa kuti zimene munthu wapereka zisungidwe mwachinsinsi ndipo zigwire ntchito ya ziwerengero yokha.

Pa mbali imeneyi IPUMS imachita bwino kwambiri, ndipo njira zake imazifotokoza poyera. Maina ndi maadiresi mulibe. Sapereka kalembera yense koma gawo losankhidwa, lomwe kawirikawiri limakhala nyumba imodzi pa nyumba 10 zilizonse. Dera lokhala ndi anthu osakwana 20,000 amaliphatikiza ndi loyandikana nalo, zaka za anthu okalamba kwambiri amaziika m'gulu limodzi, ndipo nyumba zochepa amazisinthanitsa pakati pa madera, kuti ngakhale wina ataganiza kuti wazindikira mnansi wake asakhale ndi chitsimikizo. Wofuna kulowa amalembetsa, amafotokoza kafukufuku amene akufuna kuchita, ndipo amalonjeza kuti sadzayesa kuzindikira munthu aliyense, sadzagawira ena mafayilowo, komanso sadzachita nawo malonda. Ena angaone ngati ndi chipsinjo, koma popanda malonjezo otere n'zokayikitsa kuti maofesi a ziwerengero a maiko ambiri chonchi akanalola kupereka zolembedwa zawo.

Chachiwiri choyamikirika ndi ntchito yogwirizanitsa mafunso. Dziko lililonse limafunsa za maphunziro kapena za ukwati m'njira yakeyake, ndipo ngakhale dziko limodzi limasintha mafunso pakapita zaka. Akatswiri a IPUMS amaika mayankho onsewa pa muyeso umodzi, kenaka pa funso lililonse amalemba pamene kufananitsako kukusokonekera, n'kuikapo mawu enieni a pa fomu ndi malangizo amene olembera anapatsidwa. Munthu amene akufuna kuona momwe chiwerengero cha atsikana omaliza sukulu ya pulayimale chasinthira pakati pa kalembera wa Malawi wa 1987, 1998 ndi 2008, kapena kufananitsa ndi Zambia ndi Kenya, amapulumuka ntchito ya miyezi yambiri. Kusunga makope kunja kwa ofesi imodzi nakonso ndi chitetezo, popeza mafayilo akale amaonongeka kapena kutayika maofesi akamasamuka ndi makompyuta akamasinthidwa.

Vuto limayamba tikafunsa ngati komiti ya chitukuko ya m'dera, bungwe la amayi kapena khansala angatengepo kanthu popita kukakambirana za bajeti. Malire a anthu 20,000 aja, amene amateteza chinsinsi, ndi omwewonso amachititsa kuti mudzi kapena dera laling'ono lisaoneke palokha, pamene mikangano yambiri ya chitukuko imagona pa funso lakuti sukulu, chipatala kapena mjigo zipite mbali iti ya dera limodzi lomwelo. Sindikuona ngati ichi ndi cholakwa choti achikonze, chifukwa kutsitsa malirewo kungaike anthu pangozi, koma wogwiritsa ntchito ayenera kudziwiratu kuti ziwerengero za mudzi ndi mudzi azikazifuna ku ofesi ya ziwerengero ya dziko lake.

Chotchinga china ndi luso. Tsambali lili m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo fayilo imene mumalandira mukasankha maiko, zaka ndi mafunso imafuna mapulogalamu a pa kompyuta owerengetsera monga Stata, SPSS kapena R, komanso kudziwa kuwerengetsera kuti gawo losankhidwa lija liimire anthu onse. Woiwala mfundo imeneyi angathe kupita pa msonkhano ndi nambala yochepa kakhumi kuyerekeza ndi yeniyeni. Chida chopangira matebulo pa tsamba pomwepo chilipo ndipo chimachepetsako ntchito, ngakhale nachonso chimafuna munthu wozolowera. Palinso kuchedwa, chifukwa kalembera amachitika kamodzi pa zaka 10 m'maiko ambiri, ndipo pamapitanso zaka kuti zolembedwa zake zikonzedwe ndi kulowetsedwa, kotero ndondomeko yofuna ziwerengero za chaka chino singadalire pano pokha.

Kwa mphunzitsi wa pa yunivesite, wophunzira amene akulemba kafukufuku wake, kapena katswiri wa m'bungwe lounika ndondomeko za boma, ndikuilimbikitsa ntchitoyi mosakayika. Gulu la m'dera lingapindule nayo podzera mwa munthu wotere, ndipo malamulo ake amalola zimenezo, popeza choletsedwa ndi kugawa mafayilo a anthu, pamene matebulo ndi mapu otuluka mu kafukufuku angathe kusindikizidwa, kumasuliridwa m'chilankhulo cha anthuwo ndi kuperekedwa ku khonsolo, bola atchule IPUMS ndi ofesi ya ziwerengero imene inachititsa kalemberayo.