Nkhuku za Mikolongwe nditaziweta chaka chathunthu

Ndinagula misoti 10 ndi atambala 2 a mtundu wa Black Australorp, zija timangoti za Mikolongwe potengera malo a boma oswetsera nkhuku ku Chiradzulu. Zinali za masabata 6. Chaka chakwana tsopano, ndiye ndikunena zimene ndaona ndekha pakhomo panga.

Kukula zimakula ndithu. Tambala wake ukamuimika pafupi ndi wachikuda wobadwa mwezi womwewo, ungati ndi bambo ndi mwana. Misoti inayamba kuikira itangopitirira miyezi 5, mazira akuluakulu ofiirira, ndipo siimapumula msanga ngati thadzi lachikuda lomwe likaikira 12 kapena 15 basi layamba kufungatira.

Koma kufungatirako ndi kumene kunandisautsa, ndipo amene anandigulitsa sanandiuze. Mwa mathadzi anga onse a Mikolongwe, limodzi lokha ndi lomwe linakhalirapo mazira, nalonso linawasiya masiku 21 asanakwane. Mtunduwu anausankha ku Australia kuti uziikira kwambiri, osati kulera ana. Panopa mazira ake ndimaikira mathadzi achikuda, ndipo anapiye ake akuswa bwino, ochangamuka kuposa makolo awo.

Ndi nkhuku zofatsa kwambiri, mwana amazigwira osavutika. Kufatsako kuli ndi kuipa kwake: kabawi akadutsa, zachikuda zimakhala zabisala kale, izi zili chiimire pabwalo. Ndinataya ziwiri choncho. M'mwezi wa Okutobala nthenga zakudazo zimazipsetsa, zimangoyasama kukamwa mapiko ali pansi. Muziikire mthunzi ndi madzi ozizira, chonde, zimamvetsa chisoni.

Musamvere zoti zimadzidyetsa zokha. Kupalasa zimapalasa, koma ndi gaga yekha mazira amachepa. Ine ndimasakaniza ndi soya wokazinga, komanso ndimatchera chiswe mumphika wa ndowe zouma ndi zitsononkho. M'mawa ndikakhuthula mphikawo zimathamangirana, ndipo tsiku lomwe zadya chiswe sizijomphana nthenga. Pakona pa khola ndinasiyapo phulusa losakaniza ndi mchenga kuti zizisamba, utitiri unachepa.

Katemera wa chitopa wa I-2, wodontheza m'diso uja, sindiphonya miyezi 4 iliyonse. Chitopa chitalowa m'mudzi mwathu chilimwe chathachi, zanga zinapulumuka zonse.

Ndidzagulanso, makamaka atambala. Koma amene mulibe thadzi lachikuda lofungatira, yambani mwapeza limenelo musanakagule izi.