Hairspray: ya 1988, ya pasiteji kapena ya 2007?

Anzanga amene timaonera limodzi mafilimu Loweruka akhala akundifunsa kuti pa ma Hairspray atatuwa ayambire iti. Ndiyankhe pano kamodzi, chifukwa bandulo ndi yodula ndipo yanga ndinaithera pa yolakwika.

Nkhani yake ndi imodzi. Mu 1962 ku Baltimore, mtsikana wojintcha, Tracy Turnblad, akufuna kukavina pa pulogalamu ya pa TV imene ana achikuda amaloledwa tsiku limodzi lokha pamwezi. John Waters anaijambula mu 1988. Mu 2002 inakwera siteji ku Broadway, mu mzinda wa New York, ndi nyimbo za Marc Shaiman ndi Scott Wittman, n'kupata mphoto za Tony zokwana 8. Adam Shankman ndiye anaibwezanso ku filimu mu 2007.

Pa magule ndi kuwala kwa zithunzi, ya 2007 ilibe mnzake. Queen Latifah akamaimba akutsogolera anthu pamsewu, thupi limachita tsembwe.

Chimene chinandiwawa ndi Edna, mayi ake a Tracy. Chiyambire, Edna amaseweredwa ndi mwamuna. Mu 1988 anali Divine: mayi wotopa, simbi ili m'manja, akusita zovala za anthu ena kuti pakhomo padyedwe, kwinaku akukalipira mwana ndi mawu okhuthala. Ndinangoona azakhali anga ku Ndirande atazingwa ndi mulu wa zochapa. Harvey Fierstein, amene ndinamuonera mu Hairspray Live! ya 2016 (ya pasiteji ija ataionetsa pa TV), sanabisenso mawu ake osasa aja, ndipo Edna wake ndi mayi woti mwana angamuope komanso kumuthawira.

Mu ya 2007 Edna ndi John Travolta, ndipo anamukuta mphira kumaso ndi thupi lonse. Edna wake ndi wamanyazi, amayankhula monyong'onyeka, akuti sanatulukepo m'nyumba kuchokera mu 1951. Ndinayesetsa kuti ndione mayi, koma maso anga ankangobwerera pa masaya osagwedera aja. Mayi amene walera mwana wolimba mtima ngati Tracy sangakhale wofooka chotero, ine ndakana.

Anachotsanso nyimbo ya "Mama, I'm a Big Girl Now", imene atsikana atatu amayankhana ndi amayi awo. Ndinaidikira pafupifupi maola awiri, n'kudzaimva mayina akukwera kumapeto, anzanga atayamba kale kutolera makapu.

Chimodzi ndiwayamikire: pasiteji chisoti cha mpikisano wa pa pulogalamu ija amapambana ndi Tracy, koma mu 2007 anachipereka kwa Inez, kamtsikana kachikuda kamene ankakaletsa kuvina. Pamenepo anaganiza bwino.

Ndiye yambani ndi ya 1988. Dziwani kuti mmenemo osewera sayankhulana poimba, amavinira nyimbo zakale za m'malekodi, ndipo zithunzi zake n'zosasalala. Divine anamwalira mu Marichi 1988, patangopita milungu yochepa filimuyo itatuluka. Mukamaliza, pezani ya 2016 kuti mumve nyimbo imene anatimana ija. Ya Travolta mudzaonere kwa mnzanu amene ali nayo kale pa fulashi.